Kugwira zala zakumapazi si chifukwa chosiyira mapiritsi a BP

Achemwali, chonde bambo anuwo asasiye mapiritsi chifukwa choti akumatha kuwerama n'kugwira zala zakumapazi. Amene anawauza kuti "mitsempha yafewa, mwachira" ndi omwewa ogulitsa mankhwala otsuka magazi m'maminibasi a ku Limbuli ndi pa Chitakale. Anthuwa akutimalizira makolo. Amatola kachoonadi kochepa n'kugulitsira botolo la masamba owiritsa.

Kachoonadiko n'koti mu 2009 ofufuza motsogozedwa ndi Kenta Yamamoto wa ku Japan anayeza anthu 526 a zaka 20 mpaka 83. Munthu ankakhala pansi miyendo atawongola, n'kuwerama kuti aone pamene manja afike. Mwa a zaka 40 kupita m'tsogolo, olephera kuwerama ankapezekanso ndi mitsempha ya magazi youma. Mwa achinyamata mgwirizanowu sunaoneke. Koma anthuwo anali athanzi, osasuta fodya, ndipo palibe anati kuwerama kumachiza BP. Mtsempha wabwino umatamuka ngati mphira ya legeni mtima ukapopa. Ukauma, mphamvu ya magazi imakagunda timitsempha ta mu ubongo ndi mu impso. Othyola tiyi ku Thyolo amawerama tsiku lonse dengu lili kumsana, koma BP amapezeka nayo.

Zimayenda chonchi. Munthu wasiya mapiritsi a BP monga amlodipine kapena HCT, akumva bwinobwino poti BP simveka m'thupi. M'mawa wina kapu yagwa m'manja, kamwa yapotokera mbali imodzi, mawu sakumveka, mwendo ukukhwekhwereka. Achibale n'kuyamba kumusisita, ena kumumwetsa madzi a shuga, iye n'kumatsamwa chifukwa kummero nako kwafooka, madziwo akulowera kumapapo. Wina akuti ndi zamaula, tidikire asing'anga. Pofika madzulo pofuna galimoto, mbali ya ubongo yafa kale. Wa botolo uja tsiku limenelo ali pa Luchenza, akukuwa pa ena. Zizindikiro za sitiroko zimenezi zikangooneka musamumwetse kanthu, mugonekeni cham'mbali, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Komabe bambo anuwo kudziwongolako asasiye, n'kwabwino ndithu. Ku Milan, m'dziko la Italy, mu 2020 ofufuza anapeza kuti kuwongola miyendo kwa masabata 12 kunathandiza magazi kuyenda bwino m'mitsempha. Ayambe ayenda mphindi 5 mpaka 10 thupi litenthe. Kenako akhale pa mphasa, mwendo umodzi atawongola, awerame mpaka amve kukoka kuseri kwa ntchafu, osati kupweteka. Akhale pomwepo masekondi 30, asinthe mwendo, abwereze katatu, masiku osachepera atatu pa sabata. Asamadzigwedeze mothamangitsa manja kumapazi, minofu imang'ambika. Asamagwire mpweya, zimakweza BP pompopompo. Podzuka pa mphasapo azidzuka pang'onopang'ono, mapiritsi ena amachititsa chizungulire.

Choyezera chenicheni ndi makina a BP aja, osati zala zakumapazi. Akhale chete mphindi 5 asanayezedwe, mkono utatsamira pa tebulo. Ikamafika 140/90 kapena kupitirira, abwerere kwa adokotala, ndipo osintha kapena kuchepetsa mapiritsi ndi iwowo basi. Mchere usapitirire kasupuni ka tiyi kamodzi patsiku, kuwerengera ndi wa mu ndiwo zonse, ndipo ka mbale ka mchere kaja kachoke pamene akudyera.