Zidole zokhazokha, akutero

Amwene, mukuti muyambire pati anime, makatuni a ku Japan aja? Mwandikanda pabala.

Ine ndinayamba ndi Naruto mu 2016, ndili ku koleji ku Zomba. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi ankaonera usiku pa laputopu, ine n'kumamuseka kuti bambo wandevu zake kumaonera makatuni. Sabata isanathe ndinali ine wopempha mahedifoni. Naruto woyamba ali ndi ma episode 220, gawo lake lachiwiri lotchedwa Shippuden 500, ndiye ganizirani. Ndinkatola pang'onopang'ono, awa kwa anzanga, awa kwa anyamata a ku burning centre, mpaka hard drive inadzaza. Zaka ziwiri zathunthu. Foda iliyonse ndi dzina lake, manambala ali pamzere ngati ana a sukulu pa asembule.

Kenako msuweni wanga uja. Akuti ndimubwereke hard drive ija aikemo mavidiyo a chinkhoswe cha mlongo wake, mawa lomwe abweza. Nthawi imeneyo ndili pa episode 132 ya Shippuden, Jiraiya, mphunzitsi wa Naruto, ali mkati mwa ndewu ndi mdani wotchedwa Pain kumudzi wamvula kuja. Amene munaonera mukudziwa kuti pamenepo munthu sudzuka ngakhale nsima ipserere.

Anabweza patatha masabata atatu, ataikulunga m'jumbo ya shuga. Tsikulo magetsi anayaka cha m'ma 9 usiku. Ndinathira tiyi, kukhala pamphasa, kulumikiza. Foda imodzi yokha: CHINKHOSWE. Ndinazula chingwe, kuchiuzira mpweya ngati mwina fumbi ndi limene labisa zinthu, kulumikizanso. Chinkhoswe. Azimayi akululuta, anthu akufupa, amalume akuvina ndi tambala m'manja. Ndinaonera mphindi mwina zisanu ndili duu, tiyi n'kuzizira.

Pomuimbira foni, iye phee, mtima uli m'malo. Akuti TV yakwawo imakana kuwerenga, ndiye mnyamata wina anaifomata. Kenako mawu amene sindidzaiwala: "Komanso munalibe chanzeru mmenemo, munali zidole zokhazokha." Zidole! Munthu woti amalira ndi mafilimu a ku Nigeria, mfiti ikuuluka pooneka kuti ajambula pa kompyuta, iyeyo ndiye anene za zidole? Mayi anga akuti zisiye, m'bale ndi m'bale. Mpaka lero sanapepese, ndipo tikakumana pamaliro amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Ndalama ya bandulo yoti ndiyambirenso kutsitsa zonsezo ndinalibe, ndiye ndinagwera ku manga, mabuku a nkhani za zithunzi a ku Japan, pa foni. Tsiku loyamba ndinkawerenga kuchokera kumanzere, anthu n'kumayankha asanafunsidwe. Manga imayambira kumanja kupita kumanzere, pamwamba kutsika pansi. Mutu umazolowera pa masiku awiri. Ya Naruto, imene Masashi Kishimoto anajambula kuyambira 1999 mpaka 2014, ili ndi machaputala 700 ndipo mulibe filler. Filler ndi nkhani zongodzazira zimene opanga anime amapeka akaona kuti atsala pang'ono kuipeza manga, poti wojambula amatulutsa chaputala chimodzi pa sabata. Mu Naruto woyamba, kuchoka pa 136 mpaka pafupi ndi mapeto, pafupifupi zonse ndi zimenezo. Dumphani, simuchimwa.

Tsono inu musayambe ndi zazitali, zimathetsa maubale. Tengani Death Note, ma episode 37 basi, mumaliza sabata imodzi ngati simugona. Kenako Fullmetal Alchemist: Brotherhood, 64. One Piece isiyeni kaye, inadutsa 1000 kalekale ndipo Eiichiro Oda wakhala akuijambula kuyambira 1997. Onerani ya mawu a Chijapani yokhala ndi mawu olembedwa pansi, chifukwa kukuwa kwawo kumafika pamtima kuposa ya Chingerezi. Za manga ikani apu ya Manga Plus, ndi ya Shueisha, kampani yosindikiza manga eni ake, machaputala oyamba ndi atsopano amawerengetsa ulere, ndipo sidya bandulo ngati vidiyo.

Ndipo hard drive osabwereketsa munthu, ngakhale wobadwa naye bere limodzi.

Koma ngati muli ku Lilongwe ndiuzeni, ndingakusiyireni yanga weekend imodzi, ndinasonkhanitsanso. Muyambe ndi Naruto ndithu, zazifupizo mudzaonera pambuyo. Mukafika pa 133 ya Shippuden mutseke chitseko.