Phungu wonama m'Nyumba ya Malamulo ku Britain samangidwa

Mwafunsa ngati phungu wonama m'Nyumba ya Malamulo ku Britain angazengedwe mlandu kukhoti. Ayi achimwene, phungu akanama m'Nyumbamo khoti silimukhudza. Lamulo la Bill of Rights la 1689 limateteza zolankhulidwa mmenemo, choncho omulanga ndi aphungu anzake.

Taonani za Boris Johnson, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain. Mu June 2023 komiti ya Privileges, ya aphungu ofufuza milandu yonyoza Nyumbayo, inapeza kuti ananamiza Nyumbayo mwadala pa maphwando a ku Downing Street, kuofesi ya nduna yaikulu, nthawi ya Covid, ndipo inati anayenera kuimitsidwa masiku 90. Iye n'kuti atatula kale pansi uphungu. Kuimitsidwa kwa phungu masiku osachepera 10 a zokambirana kumapatsa mpata ovota a m'dera lake: 10 pa 100 aliwonse akasainira chikalata chomuchotsa, pachitika chisankho chatsopano.

Chondiwawa n'chakuti chipani chimabisa wabodza mpaka atayamba kuchiluzitsa mavoti.

Koma phungu akakuipitsirani mbiri kunja kwa Nyumbayo, kaonaneni ndi loya.