Perefyumu wa fungo la mitengo kuno kotentha: ndigule uti?

Funso: Zikomo akonzi. Ndimagwira ntchito mu ofesi pa Mangochi boma ndipo ndalama zanga zikukwana botolo limodzi basi. Pakati pa Bleu de Chanel ndi Terre d'Hermès, ndigule uti? Ndine wowerenga wanu, Mangochi.

Yankho: Achimwene, onse awiri maziko awo ndi fungo la mitengo, koma akakhala pakhungu amasiyana kutali. Bleu de Chanel, amene anatuluka mu 2010, amayamba ndi kafungo ka mandimu ndi jinja, kenako n'kukhazikika pa fungo longa la mkungudza ndi lubani. Terre d'Hermès wa 2006 amayamba ndi lalanje ndi tsabola, koma pansi pake pali vetiva, udzu uja alimi amadzala m'minda poteteza nthaka. Mafuta a vetiva amachokera ku mizu, n'chifukwa chake perefyumuyu amamveka ngati dothi louma.

Ife tikuti tengani Bleu, makamaka wolembedwa Eau de Toilette, amene mafuta ake onunkhira ndi ocheperako. Kutentha kwa kunyanja, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumakuza fungo, ndiye Eau de Parfum, amene mafuta ake ndi ochulukirapo, akhoza kuwalemera anzanu mu ofesi yopanda mphepo. Terre ndi wokoma kwambiri, koma pakhungu la anthu ena, akasakanikirana ndi thukuta, lalanje lija limayamba kumveka ngati lasasa.

Musagule musanayese. Thirani wina padzanja lamanja, wina lamanzere, osatikita. Fungo la mphindi 15 zoyambirira limauluka msanga, lisakukopeni. Nunkhizani pakatha ola limodzi, kenako pakatha maola anayi mutayendako padzuwa. Limene latsalalo ndi limene muzikhala nalo tsiku lonse.

Popita kuntchito poperani kawiri kokha, pachifuwa ndi kumbuyo kwa khosi, mutasamba ndi kupukuta bwino. Mukasiya kumva fungolo musawonjezere. Mphuno yanu yangozolowera, ena akulimvabe. Khungu likakhala louma, yambani mwadzola mafuta opanda fungo kuti perefyumuyo akhalitse.

Achinyengo ndi ambiri. Nambala yosindikizidwa pansi pa botolo ifanane ndi ya pakatoni, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, musiyeni. Mukagula, sungani botolo m'katoni yake momwemo, m'kabati. Pawindo kapena m'galimoto yoima padzuwa fungo la mandimu lija ndi limene limayamba kuwonongeka.