Kodi ndisiye ntchito kuti ndizisindikiza ndekha nthano zanga?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe amene amagwira ntchito yokonza makompyuta. Ana akagona, iye amakhala pa tebulo lodyera mpaka pakati pa usiku, kujambula nthano ya zithunzi yokhudza mtsikana wa ku Ndirande wopanga maloboti ndi zitsulo za njinga zakutha. Masamba 48 atha. Akufuna kusiya ntchito, atenge ndalama zomwe banja lasunga, asindikize mabuku 1,000. Mayi a kunyumba akukana, ndipo akudandaulanso kuti mwamuna wawo sakuonekanso pakhomo ngakhale ali m'nyumba momwemo. Iye akufunsa kuti achite chiyani.

Achimwene, musasiye ntchito. Chaka chino ayi. Malipiro anu apamwezi ndi amene akugula mapepala ndi inki, ndipo ndi amene akukupatsani mtima wojambula zomwe mumakonda popanda kuganiza za lendi.

Mabuku 1,000 aja akundidetsa nkhawa. Kosindikizira adzakuuzani zoona kuti mukachulukitsa mabuku, mtengo wa buku limodzi umatsika, ndipo ambiri timakodwa pomwepo. Ine ndinakodwa. Buku langa loyamba linakhala m'makatoni pansi pa bedi mvula ziwiri, chinyezi n'kulowa, masamba n'kumatana, ndipo ndinkamva chisoni nthawi zonse ndikamasesa m'chipindamo. Kumbukiraninso kuti mapepala ndi inki zambiri zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yomwe anthu anali atalonjezedwa kosindikizira inasintha. Choncho yambani ndi mabuku 100. Ikani masamba asanu oyamba pa Facebook ndi pa WhatsApp, amene akopeka alipiriretu pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ndalama zimenezo ndi zomwe mupite nazo kosindikizira. Akalipira anthu 20 okha, mwaphunzira chinthu chachikulu musanataye ndalama za banja.

Masamba anu 48 ali bwino, chifukwa buku lomanga ndi mawaya pakati limafuna masamba ogawika ndi 4. Zithunzi zikhale pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi chikasindikizidwa). Mkati mukhale mwakuda ndi moyera, mitundu ikhale pachikuto pokha, apo ayi mtengo ukuthawitsani ogula. Krita ndi Scribus ndi mapulogalamu aulere ndipo amakwanira pa ntchito yonseyi. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lanu padziko lonse, mukaipeza ku National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti mukasiye kope la buku losindikizidwa m'dziko muno. Pa za umwini wa ntchito yanu, kaonaneni ndi a COSOMA, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira zimenezi kuyambira 1992.

Munafunsanso za Amazon. Kuika buku pa Kindle Direct Publishing, njira ya Amazon yoti olemba azigulitsa okha mabuku awo pa intaneti, n'kwaulere. Pa buku la pa intaneti amapereka 35 peresenti, kapena 70 peresenti ngati mtengo uli pakati pa $2.99 ndi $9.99, koma pa 70 apo amadulanso ndalama malinga ndi kukula kwa fayilo, ndipo mafayilo a nthano za zithunzi amakhala aakulu. Popeza Malawi alibe pangano la misonkho ndi America, 30 peresenti ya zomwe mwagulitsa kumeneko imatsala komweko, ndipo malipiro amabwera patatha masiku pafupifupi 60 mwezi utatha. Liikeni ndithu, abale a ku Johannesburg ndi ku London alipeze. Koma mwana wa ku Ndirande amene munamujambulira nthanoyi adzaligula m'manja mwanu, kusukulu kapena kutchalitchi.

Tsopano za kunyumba, zomwe kwa ine ndiye nkhani yeniyeni m'kalata yanu. Munalemba ngati mayi ndi chopinga. Ine ndikuona munthu amene akuwerengera fizi ya temu ya mawa, amene amagona yekha pamene inu muli pa tebulo ndi nyale. Ndalama zosungazo ndi za nonse awiri. Mutu umodzi susenza denga, achimwene, ndipo denga limeneli ndi lawonso. Khalani nawo pansi, kope la masamu lili poyera: kusindikiza mabuku 100 kudya zakuti, tikagulitsa theka tibweza zakuti, zikakanika tataya zakuti basi. Munthu amavomera msanga akaona malire a zomwe angataye. Kodi munawaonetsapo masamba 48 aja, kapena amangoona msana wanu? Apatseni awerenge. Afunseni ngati amayi a mtsikana wa m'nthanoyo akulankhula monga mayi weniweni amalankhulira. Mudzadabwa ndi zomwe adzakuuzeni.

Nthawi yojambula nayo ikhale yodziwika. Kwathu tinagwirizana kuti m'mawa kuyambira 4 koloko mpaka ana adzuke ndi nthawi yanga, pamodzi ndi Loweruka masana, koma madzulo ndi a banja, foni ndi laputopu zili kutali. Poyamba ndinkaona ngati ndilemba zochepa, koma ndinalemba zambiri chifukwa mtima unali m'malo. Magetsi akazima musakhale chabe: jambulani ndi pensulo papepala, za pa kompyuta mudzachite akayaka. Ana nawo apatseni mapepala otsala azijambula pambali panu Loweruka.

Za kusiya ntchito tidzakambirane mabuku anu akadzalipira lendi miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, buku lachiwiri lili kale pakati. Panopa pitani kosindikizira kutatu kosiyana, mukafunse mtengo wa mabuku 100 a masamba 48, akulembereni papepala ndi tsiku lomwe mtengowo uthere. Mukatero mundilemberenso, ndipo munditumizireko tsamba limene loboti ikuyenda koyamba. Ndikufuna kuiona.