Ma shock a MGB yakale: musathamangire a gasi

Bambo wina wa ku Dedza boma wandilembera imelo. Akuti malume awo anawasiyira MGB ya 1972, galimoto yaing'ono ya ku Mangalande, yomwe yakhala pa zidina zaka zambiri. Pano ikuyenda, koma akamatsika nayo msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti imayendera m'mbali pa makona ngati bwato. Makaniko wawauza kuti achotse zonse aikemo ma shock a gasi olimba. Akufunsa kuti, kodi avomere?

Bambo, dikirani kaye. Choyamba ndikufuna kudziwa ngati makanikoyo anagwada n'kusuzumira pansi pa galimotoyo. MGB, kuyambira 1962 mpaka pomwe anasiya kuipanga mu 1980, sinkatuluka ndi ma shock a chitoliro, monga a gasiwo, omwe timawaona pa Corolla. Inkabwera ndi a Armstrong, kabokosi kachitsulo kodzaza oilo kokhala ndi mkono. Ndipo kutsogolo mkonowo ndi umene umagwira tayala cha kumtunda. Ndiye si chinthu chongozula n'kutaya ayi. Ngakhale amene amaikamo a chitoliro, nthawi zambiri kabokosiko amakasiya pomwepo, amangochotsamo valavu.

Ubwino wake, timabokositi timathiridwa oilo. Galimoto ikakhalitsa osayenda, oilo amadontha pang'onopang'ono mpaka kutha. Pukutani bwino pamwamba pake fumbi lisalowe, tsegulani kabawuti kothirirapo, muone. Ambiri amathiramo oilo wa mafoloko a njinga yamoto wa SAE 20. Wa mabuleki musayerekeze, amaononga masilo. Mukathira, kanikizani galimoto pakona iliyonse n'kuisiya. Ikadzuka kamodzi n'kukhazikika, zili bwino. Ikamavina ngati ili pa ngoma ya ku Ntcheu, kapena oilo akamatulukanso pamene mkono walowera, kabokosiko katha, kafunika kukonzedwa kapena kusinthidwa, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri pamodzi.

Onaninso mabushi. Labala ya zaka 50 imauma ngati chikumba, ndipo kugwedera kwambiri komwe anthu amanamizira ma shock kumachokera pamenepo. Masipuling'i a kumbuyo nawonso amafooka. Shock sanyamula galimoto, ntchito yake n'kuletsa sipuling'i kudumphadumpha basi.

Tsono za olimbawo. Ku Ulaya amawakonda chifukwa ena amathamangitsa magalimotowa m'mabwalo a mpikisano osalala ngati tebulo. Inu muziyenda pa M1, kukwera mahampu a pa Lizulu, kuzemba maenje nyengo ya mvula, mwina tsiku lina kukhotera msewu wafumbi wa ku Chongoni. MGB ndi yopepuka, imangopitirira pang'ono tani imodzi, ndiponso ndi yofupika. Mukaiumitsa, tayala limadumpha pa zigwembe m'malo motsata msewu, ndipo pa makona a Khwekhwerere tayala lomwe lili m'malere silikuthandizani kanthu. Nkhonya zonsezo zimakathera pa thupi la galimoto lomwe mwina dzimbiri linayamba kale kulidya. Msana wanu sindinautchule.

Ngati timabokosi takumbuyo tatheratu ndipo mwasowa pogula tina, pamenepo ndingavomere a chitoliro, koma otheka kuchuna, monga a Spax kapena Koni, ndi zomangira zake zopangidwira MGB. Zoti awotcherere mabulaketi a pansi pa mtengo kuti alowetse shock wa pikapu, kanani ndithu. Muwachune mofewa kaye, muyende nayo kukafika ku Bembeke n'kubwerera, kenako muziumitsa pang'onopang'ono mpaka kuvina kuleke. Kutsogolo ine ndingasiye a Armstrong omwewo.