Kodi ndalama yakale ya Agiriki ya kadzidzi ndi khobidi?

Funso: Mphwanga wa ku London amatolera tindalama tasiliva ta Agiriki akale. Iye amati "makoini", ine ndimati makhobidi. Wakhoza ndani? Nanga akamatiika m'magulu potengera kukongola kwake, tizinena kuti akutani? (Mphunzitsi, Zomba)

Aphunzitsi, nonse awiri mwaphonya, koma mphwanuyo waphonya kwambiri. "Makoini" ndi ulesi chabe, womwe wadzaza pa Facebook masiku ano. Khobidi ndi lathu ndithu, koma linachokera ku liwu la Chingerezi la mkuwa, copper. Agogo anga akati khobidi ankanena kandalama kofiirira kobowoka pakati ka nthawi ya chitaganya. Siliva sankamutcha choncho.

Nenani kuti ndalama yasiliva. Ndipo liwu lakuti ndalamali likuyenera pano kuposa pena paliponse. Agiriki ankati drachma, kutanthauza zodzaza m'dzanja, poti kale ankagulira zinthu ndi timipiringidzo tachitsulo, ndipo 6 ndito tinkadzaza dzanja. Aluya anabwereka liwulo nkumati dirham, zikachuluka darahim. Tchulani darahim mofulumira, muikepo n kutsogolo monga timachitira ife, mumve chomwe chikutuluka. Ashona amati ndarama ponena golide. Ine sindikayika kuti liwuli linalowa kuno ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere, kudzera mwa Ayao. Mkazi wa pa Luka 15 uja, wosesa nyumba atayatsa nyali, chomwe ankafunafuna m'Chigiriki ndi drachma yomweyi.

Yotchuka kwambiri ndi ya ku Athens ya m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe: madrachma anayi m'ndalama imodzi, yolemera pafupifupi magalamu 17, siliva wake wochokera ku migodi ya Laurion. Mbali ina kuli mutu wa Athena, mulungu wawo wamkazi, mbali inayo kadzidzi wa maso otong'oka ndi kanthambi ka azitona. Ife kadzidzi timamuopa, iwo ankamunyadira. Ya ku chilumba cha Aegina ili ndi kamba. Ndipo chonde musamati "anaisindikiza". Ankaisula, kuika kachibulumwa ka siliva pakati pa zidindo ziwiri nkumenya ndi nyundo, nchifukwa chake zambiri zinatuluka zopendekera, mutu wa kadzidzi utatsala kunja.

Pa funso lachiwirilo, liwu tili nalo kale: kusankha, monga alimi amasankhira fodya m'chigafa. Wosankha amayang'ana ngati chithunzi chinakhala pakati, ngati tsitsi la Athena linafufutika ndi manja a anthu, komanso ngati pali chipsera cha tchizulo chomwe amalonda akale ankatema pofuna kuona kuti mkati simuli mkuwa. Yokwechedwa kuti iwale imatsika mtengo, muwauze amalume onse okonda kupukuta zinthu.

"Giredi" ndimalilola, poti lakhazikika m'kamwa mwa alimi kwa zaka zambiri. Koma "kugiredinga" ayi, musandibweretsere.