Funsani, Tikuyankheni: Nyuzipepala ya Tsiku ndi Tsiku kapena Magazini ya Pasabata?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Mchinji. Ndalama za laibulale yathu n'zochepa. Kodi tizigula nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku kapena magazini ya nkhani yotuluka kamodzi pa sabata?

Yankho: Aphunzitsi, ziwirizi zimasiyana chifukwa cha nthawi imene olemba ake amakhala nayo. Pa nyuzi ngati The Nation kapena The Daily Times, akonzi amakumana m'mawa n'kugawa ntchito, ndipo pofika madzulo mtolankhani ayenera kukhala atapereka nkhani yake. Masamba a m'kati amamalizidwa msanga, tsamba loyamba ndi la masewera amabwera pambuyo. Usiku makina amasindikiza, galimoto n'kunyamuka kuti nyuzi ikafike m'maboma kukamacha. Nkhani zambiri zimakhala za mawu 300 mpaka 500, ndipo ndime yoyamba imanena zonse zofunika: ndani, wachita chiyani, kuti, liti. Amalemba motero dala, kuti malo akachepa mkonzi angodula ndime za m'munsi nkhani isaonongeke.

Wolemba magazini ngati Time, yomwe inayamba mu 1923, kapena The Economist ya ku London, amadziwa kuti owerenga anamva kale zomwe zachitika. Choncho amatenga masiku angapo kufunsa anthu a mbali zonse, kufufuza ziwerengero, n'kulemba mawu 1,000 kapena kuposa, kufotokoza chomwe chachititsa ndi kumene nkhaniyo ikulowera.

Taganizirani za Lolemba pa 3 February 2020, pamene khoti loona za malamulo aakulu a dziko linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019. Oweruza asanu anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 tsiku lonse mpaka usiku. Nyuzi ya Lachiwiri ikanatha kunena kuti chisankho chibwerezedwa m'masiku 150, komanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Koma kumasulira tanthauzo la 50+1, ndi chifukwa chake zipani zidzakakamizika kupanga migwirizano, kunafuna munthu wokhala pansi n'kuwerenga chigamulocho modekha. Wophunzira wa Social Studies amafuna zachiwirizi.

Kwathu kuno ntchito yomasulirayi imagwiridwa kwambiri ndi nyuzi za kumapeto kwa sabata. Ife tikuti gulani Weekend Nation kapena Malawi News Loweruka lililonse; muli nkhani zofufuza, ndemanga, komanso masamba a Chichewa, Tamvani ndi Tikambe, omwe ana a Fomu 1 amawerenga mosavuta. Ya tsiku ndi tsiku ndi yofunika kwa amene akusaka ntchito kapena wamalonda wotsata zidziwitso za boma, pakuti zimenezo zimakhala ndi tsiku lotsekera, ndipo ukachedwa sabata imodzi mwayi wapita.

Funso: Ndi iti yomwe imalakwitsa kwambiri? Wowerenga wa ku Zingwangwa.

Yankho: Zonse zimalakwitsa, koma mosiyana. Ya tsiku ndi tsiku imagwa chifukwa cha liwiro. Mtolankhani akaimbira nduna osayankhidwa, nkhani imapita ndi mbali imodzi. Dzina limalembedwa molakwika, chithunzi chimakhala ndi mawu a chithunzi china, kapena mutu umanena zoposa zomwe zili m'nkhanimo, chifukwa mutu sulembedwa ndi mtolankhani koma ndi mkonzi wa tsamba, yemwe amayeza mawu kuti akwane malo. Pa 3 November 1948, Chicago Daily Tribune inatuluka ndi mutu wonena kuti Dewey wagonjetsa Truman pa chisankho cha ku America. Inasindikiza mavoti asanathe kuwerengedwa, ndipo wopambana anali Truman. Ubwino wake ngwakuti nyuzi yotere imatha kukonza mawa lake. Muziyang'ana kabokosi ka kupepesa m'masamba a m'kati. Nyuzi yomwe imavomera poyera kuti inalakwa ndi yoyenera kuikhulupirira.

Vuto la magazini ndi kutsalira. The Economist imatseka masamba Lachinayi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira Lachinayi pa 5 April 2012, boma linalengeza Loweruka pa 7, tsiku lomwe Mayi Joyce Banda analumbira. Magazini yotseka Lachinayi ikanafika kwa owerenga dziko litasintha kale mtsogoleri. Chinanso choti musamale: m'magazini zoona ndi maganizo a wolemba zimalukana m'ndime imodzi, pomwe nyuzi imayesetsa kuika ndemanga pa tsamba lakelake. Powerenga muzidzifunsa kuti chiganizo ichi chili ndi umboni, kapena ndi mmene mlembi akuonera.

Funso: Ndimasunga nyuzi zakale koma zimasanduka zachikasu n'kumathetheka, pamene magazini zili bwinobwino. Nditani? Mayi wa ku Area 25.

Yankho: Mayi, pepala la nyuzi ndi lopyapyala, lolemera magalamu pafupifupi 45 pa sikweya mita, ndipo limapangidwa pongopera mtengo osachotsa utomoni wake wotchedwa lignin. Utomoniwu ukakumana ndi kuwala ndi mpweya umachita chikasu, pepala n'kuuma. Magazini imagwiritsa ntchito pepala lolemererapo lomatidwa dongo loyera pamwamba, n'chifukwa chake zithunzi zimawala ndipo inki sikudetsani m'manja.

Sungani nyuzi zitatambasulidwa, osazipinda pakati, chifukwa zimayamba kung'ambika pamzere wopindawo. Ziikeni m'katoni, pamalo ouma, kutali ndi zenera, ndipo katoniyo isagunde pansi kapena khoma kuopa chiswe ndi chinyezi cha nyengo ya mvula. Musamate ndi selotepi. Guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga losachoka. Pa magazini, mdani ndi timawaya tiwiri tapakati tija: tikayamba dzimbiri, titukuleni ndi nsonga ya mpeni n'kusoka ndi ulusi m'mabowo omwewo. Nkhani yomwe mukuifunitsitsa, monga ya zotsatira za mayeso a mwana wanu, ijambuleni pa fotokope pa pepala loyera la magalamu 80, ndipo mulembe dzina la nyuzi, tsiku ndi nambala ya tsamba kuseri kwake ndi pensulo.